Kaundula Mmodzi, Mitundu Yambiri: Mmene Kompyuta Imasungira Zinthu Zapachibale

 Pulogalamu ya lero ikufotokoza ntchito imene imachitika mkati mwa kompyuta, kumene diso silifika, koma imene imakhudza aliyense amene dzina lake linalembedwapo kuchipatala, kusukulu kapena ku ofesi ya boma. Nkhani yake ndi ya mmene akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta amasungira m'kaundula mmodzi zinthu zimene zimafanana mbali ina n'kusiyana mbali ina, njira imene m'Chingerezi imatchedwa single table inheritance.

Mfundo yaikulu, imene omvera akupemphedwa kuisunga m'mutu mpaka kumapeto, ndi iyi: kaundula mmodzi amapeputsa ntchito ngati zinthu zolembedwamo zikufanana kwambiri ndipo chilichonse chili cha mtundu umodzi wokha, koma amasanduka mtolo ngati zinthuzo zikusiyana kwambiri, kapena ngati chinthu chimodzi chingakhale cha mitundu iwiri pa nthawi imodzi. Nkhaniyi iyenda m'magawo anayi. Gawo loyamba lifotokoza za kaundula wa pa kompyuta, lachiwiri lifotokoza za mitundu ya zinthu ndi chibale chake, lachitatu lionetsa ubwino ndi zovuta za kaundula mmodzi, ndipo lomaliza lionetsa malo amene njirayi siyenera kufikako.

Aliyense amene anaimapo pamzere pachipatala chaching'ono anaonapo buku lalikulu lija limene mlembi amatambasula, lokhala ndi masamba ojambulidwa mizere yopingasa ndi yotsika. Mzere wopingasa uliwonse ndi wa munthu mmodzi, pamene mzere wotsika, umene alembi amautcha kolamu, umafunsa funso limodzi lokha kwa anthu onse, kotero kuti kolamu ina ndi ya dzina, ina ya mudzi, ina ya mfumu yaikulu, ina ya tsiku lobadwa. Pokumana mzere ndi kolamu pamakhala kabokosi, ndipo yankho limalembedwa m'menemo. M'chaka cha 1970, Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku America, anafalitsa ganizo lakuti zonse zimene kompyuta ikusunga zikhoza kuikidwa m'makaundula otere, olumikizana kudzera m'manambala ozindikiritsa mzere uliwonse. Gulu la makaundula amenewa limatchedwa database, mawu amene m'pulogalamu ino amasuliridwa kuti nkhokwe, ndipo kaundula aliyense wa m'nkhokwemo akatswiri amamutcha tebulo.

Kaundula wa pa kompyuta ali ndi makhalidwe awiri ofunika kuwakumbukira. Khalidwe loyamba ndi lakuti mizere yonse imakhala ndi makolamu ofanana, moti palibe mzere umene ungakhale ndi kolamu yakeyake imene mizere inzake ilibe. Lachiwiri ndi lakuti nkhokwe imatha kukhala ngati mlonda wa pachipata, chifukwa ikauzidwa kuti kabokosi ka tsiku lobadwa kasamasiyidwe kopanda kanthu, imakana mzere uliwonse umene wabwera wopanda tsikulo, kaya waubweretsa ndani. Mlonda ameneyu atchulidwanso patsogolo, pakuti iye ndiye amataya mphamvu zambiri njira ya kaundula mmodzi ikasankhidwa.

Tsopano nkhani ifike pa gawo lachiwiri. Wolemba mapulogalamu a kompyuta saganiza za mizere ndi timabokosi, koma amaganiza za mitundu ya zinthu, ndipo kaganizidwe kameneka kanakhazikika m'chaka cha 1967 ku Norway, pamene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anapanga chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Simula 67. M'chiyankhulochi munali chimene amachitcha class, kutanthauza mafotokozedwe a mtundu wa chinthu, onena zimene chinthu chilichonse cha mtunduwo chimakhala nazo ndi zimene chimachita. Munalinso kutengera, kumene amakutcha inheritance, kutanthauza kuti mtundu waung'ono umatenga zonse za mtundu waukulu ngati mwana wotengera kholo, kenaka n'kuwonjezerapo zakezake. M'ziyankhulo zina zodziwika, monga Ruby ndi Java, mtundu uliwonse umakhala ndi kholo limodzi lokha, monga momwe mwana wa m'midzi yambiri ya ku Chiradzulu amawerengedwera ku mbumba imodzi, ya kuchikazi, ngakhale ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Chitsanzo chapafupi ndi malo othandizira odwala a m'boma la Chiradzulu. Chipatala chachikulu cha paboma, chipatala cha St Joseph's ku Nguludi, zipatala zazing'ono monga cha ku Namitambo, ndi makiliniki a m'midzi amene alangizi a zaumoyo amathandizirako ana osakwana zaka zisanu, zonsezi zili ndi dzina, zili m'dera la mfumu inayake, ndipo zili ndi mwini wake, kaya boma kaya mpingo. Zimenezi ndi za kholo, limene lingatchedwe malo othandizira odwala. Koma chipatala chachikulu chimawonjezera chiwerengero cha mabedi ndi cha zipinda zochitira opaleshoni, chipatala chaching'ono chimawonjezera dzina la chipatala chimene chimatumizako odwala okayakaya, ndipo kiliniki ya m'mudzi imawonjezera masiku amene imatsegulidwa ndi mlangizi amene amaiyang'anira. Apa ndi pamene vuto limabadwira, chifukwa pulogalamu ya kompyuta imadziwa kholo ndi ana ake, koma kaundula sadziwa chibale. Iye amangodziwa mizere yofanana.

Martin Fowler, m'buku lake la m'chaka cha 2002 lotchedwa Patterns of Enterprise Application Architecture, anasonkhanitsa njira zitatu zimene akatswiri ankathetsera vutoli. Njira ina ndi yopatsa mtundu uliwonse kaundula wakewake wathunthu, ngakhale kuti makolamu a dzina ndi dera amabwerezedwa m'makaundula onse. Njira ina ndi yokhala ndi kaundula wa kholo wosunga zofanana zokha, ndi makaundula ang'onoang'ono osunga zowonjezera za mwana aliyense, onsewo olumikizana ndi nambala imodzi. Njira yachitatu, imene ndi mutu wa lero, ndi yosonkhanitsa makolamu onse a kholo ndi a ana onse m'kaundula mmodzi wotakata, n'kuwonjezera kolamu imodzi yapadera yonena mtundu wa mzere uliwonse.

Omvera ayerekeze kuti kaundula wotereyu watambasulidwa ndipo chala chikuyenda pamzere woyamba kuchokera kumanzere. Dzina ndi Chiradzulu District Hospital, mwini ndi boma, kolamu ya mtundu ikuti chipatala chachikulu, kabokosi ka mabedi kadzazidwa, ka zipinda za opaleshoni kadzazidwa, koma chala chikafika pa kabokosi ka mlangizi woyang'anira chikupeza palibe kanthu. Chala chikatsikira pamzere wa kiliniki ya m'mudzi zinthu zikutembenuka, pakuti timabokosi ta mabedi ndi ta opaleshoni tili pululu, pamene ta mlangizi ndi ta masiku otsegulira tadzazidwa. Pulogalamu ya kompyuta ikatenga mzere imayamba yawerenga kolamu ya mtundu, ndipo kuchokera pamenepo imadziwa timabokosi toyenera kuwerenga ndi toyenera kudumpha. Mu Ruby on Rails, chida cholembera mapulogalamu chimene David Heinemeier Hansson wa ku Denmark anatulutsa m'chaka cha 2004, kolamu imeneyi imatchedwa type, ndipo kungoiika m'kaundula kumakwanira kuti njira yonse iyambe kugwira ntchito. Mu Hibernate, chida cha olemba Java, imatchedwa discriminator, kutanthauza chosiyanitsira.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu, ndipo ndi umene umakopa anthu. Mkulu wa zaumoyo akafuna mndandanda wa malo onse othandizira odwala a m'dera la mfumu imodzi, kompyuta imayang'ana m'kaundula mmodzi basi, popanda kutsegula makaundula atatu ndi kulumikiza mizere yawo, ntchito imene imadya nthawi mizere ikachuluka. Chipatala chaching'ono chikakwezedwa n'kukhala chachikulu, mzere wake sumasamuka, nambala yake siisintha, ndipo makaundula ena onse amene amaloza ku nambalayo, monga a mankhwala otumizidwa ndi a antchito, amapitiriza kulondola; chimasintha ndi kabokosi ka mtundu ndi timabokosi tingapo timene kale tinali topanda kanthu. Komanso olemba pulogalamu akaganiza kuti chinthu chimene chinali cha mwana mmodzi chikhale cha kholo, mwachitsanzo kuti masiku otsegulira azilembedwa pa malo onse, kaundula sakhudzidwa chifukwa kolamuyo ilimo kale.

Komatu walira mvula walira matope. Vuto loyamba ndi la timabokosi topanda kanthu, timene akatswiri amatitcha null. Kabokosi ka mabedi kakakhala kopanda kanthu kangatanthauze kuti funsolo silikukhudza mzerewo chifukwa ndi kiliniki ya m'mudzi, kangatanthauze kuti mabedi sanawerengedwebe, kapenanso kuti wolemba anangoiwala, ndipo matanthauzo atatu onsewa amaoneka chimodzimodzi. Munthu wolemba lipoti amene sanayambe wayang'ana kolamu ya mtundu akhoza kuganiza kuti malo ambiri sanatumize chiwerengero cha mabedi, chonsecho malowo sagoneka odwala n'komwe. Nkhokwe zamakono zimasunga timabokosi totere popanda kuwononga malo ambiri, choncho chodetsa nkhawa kwenikweni ndi chisokonezo cha tanthauzo.

Vuto lachiwiri limagwera mlonda uja. Ndi chanzeru kulamula kuti chipatala chachikulu chisalembedwe popanda chiwerengero cha mabedi, koma lamulo loti kolamu ya mabedi isamasiyidwe yopanda kanthu likaikidwa pa kaundula mmodzi, mizere yonse ya makiliniki a m'midzi idzakanidwa. Motero lamulolo limachotsedwa m'manja mwa nkhokwe n'kupatsidwa pulogalamu ya kompyuta, ndipo limagwira ntchito pokhapokha munthu akalowera khomo la pulogalamuyo. Wina akalowetsa mizere yambiri nthawi imodzi kuchokera mu Excel, kapena pulogalamu ina ikalemba m'nkhokwe yomweyo, mizere yopunduka imadutsa popanda woifunsa. Mankhwala ake alipo, pakuti nkhokwe ikhoza kupatsidwa lamulo la magawo awiri, lonena kuti ngati mtundu uli chipatala chachikulu ndiye kuti mabedi alembedwe. Nkhokwe ya PostgreSQL yakhala ikutsata malamulo otere kuyambira kalekale, pamene ya MySQL inkawalandira koma osawatsata kufikira m'chaka cha 2019. Ngakhale zili choncho, lamulo lotere liyenera kulembedwa pa mtundu uliwonse ndi kukonzedwanso mtundu watsopano ukawonjezedwa, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imaiwalika kawirikawiri.

Vuto lachitatu ndi la kutakata. Mlembi wa papepala makolamu akamuthera amatenga rula n'kujambula ina m'mphepete mwa tsamba, ndipo ikadzadza amamata pepala lina pambali, mpaka bukulo limavuta kutseka. Pa kompyuta zimachitikanso chimodzimodzi, chifukwa mtundu watsopano uliwonse, kaya ndi sitolo ya mankhwala kaya ndi malo oyezera magazi, umabwera ndi makolamu ake amene amaikidwa pa mizere yonse, ndipo pakapita zaka palibe amene amakumbukira kuti kolamu yakuti ndi ya mtundu uti. Mu Ruby on Rails mulinso msampha wina, pakuti m'kolamu ya mtundu mumalembedwa dzina lenileni la mtunduwo monga lilili m'pulogalamu, moti dzinalo likasinthidwa m'pulogalamu koma osasinthidwa m'kaundula, mizere yakale imasanduka ana amasiye amene pulogalamu imakana kuwawerenga.

Apa mfundo yaikulu ija ibwerezedwe. Kaundula mmodzi ndi wabwino ngati zofanana zachuluka, zosiyana zachepa, ndipo chinthu chilichonse chili cha mtundu umodzi. Malo othandizira odwala amakwanira bwino m'chikombole chimenechi, chifukwa mitundu yake ndi yochepa, siisinthasintha, ndipo malo amodzi sangakhale chipatala chachikulu ndi kiliniki ya m'mudzi pa tsiku limodzi. Gawo lomaliza lionetsa zimene zimachitika njira yomweyi ikayesedwa pa anthu.

Boma la Chiradzulu lili ndi mbiri yapadera pa nkhani yosunga zolembedwa za odwala. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV pachipatala cha paboma, ndipo patapita zaka zochepa thandizoli linafalikira ku zipatala zazing'ono za m'bomali. Zolembedwa za odwala zinkalowetsedwa m'pulogalamu ya kompyuta yotchedwa FUCHIA, yopangidwa ndi bungwe la Epicentre la ku Paris. Mankhwala amenewa ndi a moyo wonse, choncho mbiri ya munthu mmodzi iyenera kutsatidwa zaka makumi, ndipo chisankho cholakwika pa kamangidwe ka kaundula anthu amakhala nacho zaka zonsezo.

Tsono ayerekezedwe wolemba pulogalamu amene waona makaundula a papepala atatu, wa amayi a sikelo, wa olandira ma ARV ndi wa odwala chifuwa chachikulu, n'kuganiza kuti imeneyi ndi mitundu itatu ya odwala yoyenera kaundula mmodzi wokhala ndi kolamu ya mtundu. Tsiku loyamba zonse zimayenda bwino. Kenaka pamabwera mayi woyembekezera amene akulandira ma ARV ndipo wapezekanso ndi chifuwa chachikulu, ndipo kabokosi ka mtundu, kamene kamalandira yankho limodzi lokha, kamasowa cholemba. Mayiyo akapatsidwa mizere itatu amasanduka anthu atatu, ndipo dokotala wopereka mankhwala a chifuwa sangaone mankhwala ena amene akumwa, chonsecho mankhwala ena a matenda awiriwa amasokonezana m'thupi. Akapatsidwa mzere umodzi, matenda awiri amabisika. Akachira n'kudzakhalanso ndi pakati patapita zaka zitatu, masiku a mimba yachiwiri amalembedwa pamwamba pa a yoyamba, ndipo mbiri imafufutika. Cholakwika chili pa chiyambi penipeni, pakuti kuyembekezera ndi kudwala ndi nyengo zimene munthu amadutsamo, zokhala ndi tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo zingapo zimatha kumugwera pamodzi. Kutengera kumayenera pa chimene chinthu chili, pamene nyengo imafuna kaundula wakewake, mmene mzere uliwonse umanena kuti munthu wakuti analowa m'chisamaliro chakuti pa tsiku lakuti.

Umu ndi mmene inamangidwira OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri za odwala imene inayambitsidwa m'chaka cha 2004 ndi Regenstrief Institute ya ku America pamodzi ndi Partners In Health, bungwe limene kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo ndipo limagwira ntchito m'boma la Neno. M'nkhokwe yake muli kaundula wa anthu onse, ndipo muli kaundula wina wa odwala wolumikizana ndi woyambayo kudzera pa nambala, imene ndi njira ija ya kholo ndi ana m'makaundula osiyana. Kulowa kwa wodwala m'chisamaliro cha HIV kapena cha chifuwa chachikulu kumalembedwa m'kaundula wachitatu, wokhala ndi tsiku lolowera ndi lotulukira. Bungwe la Baobab Health Trust, limene linabweretsa m'zipatala za m'Malawi makompyuta ogwiritsa ntchito pokhudza galasi ndi chala, ndipo linayamba kulemba olandira ma ARV pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2006, linadzalemba mapulogalamu ake mu Ruby on Rails koma motsata kamangidwe ka nkhokwe ya OpenMRS. Chida chimene anagwiritsa ntchito chimapereka njira ya kaundula mmodzi mosavuta, komabe munthu, wodwala ndi chisamaliro chake zinasungidwa m'makaundula osiyana.

Kuchokera pa zonsezi, wofuna kusankha njira ali ndi mafunso atatu oyenera kudzifunsa asanajambule kolamu yoyamba. Funso loyamba ndi lakuti kodi zinthuzi zimafanana pa zambiri kuposa zimene zimasiyana, chifukwa zosiyana zikachuluka kaundula amadzala ndi timabokosi topanda kanthu. Lachiwiri ndi lakuti kodi chinthu chimodzi chingakhale cha mitundu iwiri pa nthawi imodzi, kapena kulowa ndi kutuluka mu mtundu womwewo kangapo, chifukwa ngati zili choncho ndiye kuti zimene zikutchedwa mitundu ndi nyengo chabe. Lachitatu ndi lakuti kodi ndani adzalondera malamulo a mtundu uliwonse, ndipo kodi cholakwika chikadutsa chidzangosokoneza lipoti kapena chidzavulaza munthu.

Mafunso amenewa safuna kompyuta kuti ayesedwe. Omvera amene amasunga buku la banki m'khonde, kaundula wa mpingo, buku la amfumu kapena la kalabu ya alimi akupemphedwa kulitsegula madzulo ano n'kuyendetsa chala m'makolamu ake. Ayang'ane kolamu imene yakhala yopanda kanthu pa mizere yambiri mwezi ndi mwezi, ndipo adzifunse ngati ili choncho chifukwa funso lake silikhudza anthuwo kapena chifukwa wolemba anaiwala. Ayang'anenso ngati muli munthu amene analembedwa kawiri chifukwa ndi wosunga ndalama komanso wobwereka, ndipo aganize ngati mlembi watsopano, wolandira bukulo mwini wake atasamuka, angadziwe kuti mizere iwiriyo ndi ya munthu mmodzi.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.